Magazini inali m'dzanja langa lamanzere

Pamene ndinkagwa pansi, magazini inali idakali m'dzanja langa lamanzere. Ndinaigwira nganganga mpaka m'ambulansi, moti anachita kundifunyulula zala chimodzichimodzi kuti aichotse. M'mutu mwanga munkangozungulira funso limodzi: mfuti yalira bwanji, pomwe zipolopolo zili kuno, m'dzanja langa? Yankho lake ndi lalifupi, mwana wa sukulu akhoza kulimvetsa asanamalize kumwa tiyi. Ine ndinalimvetsa nditataya kale magazi ambiri, ndipo mpaka lero ndimayenda motsimphina.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera ku Joni mu 2010, chaka cha World Cup, pa basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, monga amabwerera anzathu ambiri. Ndinayamba ndi ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu, kenako yopenta. Ndinakwatira mkazi wa konkuno, ndipo patadutsa zaka ndinapatsidwa chilolezo chokhazikika m'dziko muno. Pepala limeneli ndalitchula dala, chifukwa popanda ilo bungwe la PSIRA, limene limayang'anira ntchito ya ulonda, silingakulembetse, ndipo apolisi sangakupatse chiphaso chogwirira mfuti. Nditalembetsa ndinalondera zaka zinayi pa geti ya malo ena ogulitsira zinthu kumpoto kwa Johannesburg, zida zanga zili tochi, chibonga ndi ovaova. Anzathu a m'galimoto zothamangira ku nyumba zimene alamu yalira ankalandira zochulukirapo. Ine ndinali ndi ana awiri, lendi, ndi amayi kumudzi amene chaka chilichonse amadikira ndalama ya feteleza. Ndiye ndinasunga ndalama, ndinakalembetsa maphunziro a mfuti.

Lamulo la mfuti kuno, Firearms Control Act la 2000, linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2004, ndipo si lochitira masewera. Munthu uyenera kukhala utakwanitsa zaka 21, uphunzire kwa aphunzitsi ovomerezeka, ulembe mayeso a lamulo ndi a kagwiridwe ka mfuti, ukawombe ku renji, kenako upite kupolisi ukadinde zala n'kupempha chiphaso chosonyeza kuti ndiwe woyenera. Ine zonsezi ndinachita, ndinakhoza. Sindinganamizire aphunzitsi kuti sanatiuze. Anatiuza, mobwerezabwereza: mfuti iliyonse uziitenga kuti ili ndi chipolopolo, usaloze kukamwa kwake pa chinthu chimene sukufuna kuchiwononga, chala chisalowe pa tiriga mpaka utatsimikiza kuwomba, udziwe chimene ukuwomba ndi chimene chili kuseri kwake. Za kujama kwa mfuti nazonso anatisonyeza masana ena. Ndinalemba m'kope, ndinaloweza. Koma pa masiku onse a maphunzirowo mfuti sinajamepo m'manja mwanga ngakhale kamodzi. Zonse zinali m'mutu, manja asanazilaweko.

Mfuti imene ndinakula ndikuiona inali gogodera ya agogo aamuna, yopirikitsira anyani ndi nguluwe kumunda. Gogodera ndi mfuti yosabisa kanthu. Umathira onga kukamwa, n'kutsindira, n'kuika chipolopolo, ukawomba kamodzi basi yatha, ndi mtengo wamba mpaka utaithiranso. Chithunzi chimenechi ndinali nacho mumtima osadziwa: mfuti ikakhala chete ndiye kuti ilibe kanthu. Pisitolo imaganiza mwina. Pamwamba pake pali chitsulo choyenda kutsogolo ndi kumbuyo, silaidi. Ukawomba, mphamvu ya onga imakankhira chipolopolo kutsogolo ndi silaidi kumbuyo. Pobwerera m'mbuyomo, kambedza kakang'ono kamakoka khoko la chipolopolo chowombedwacho kuchokera m'chemba, kumene kuli kuchiyambi kwa mpope, khokolo n'kugunda kachitsulo kena n'kuulukira kunja. Kenako sipuling'i imabweza silaidi kutsogolo, silaidi n'kutola chipolopolo chapamwamba m'magazini, n'kuchilowetsa m'chemba. Zonsezi zimachitika diso lisanaphethire. Choncho zipolopolo zimakhala malo awiri, m'magazini ndi m'chemba, ndipo kuchotsa magazini sikukhudza cha m'chemba. Pali mfuti zochepa zimene zimakana kulira magazini ikachotsedwa. Zambiri zimalira.

Chiphaso cha kupolisi chimatenga miyezi. Podikirapo ndinaopa kuti dzanja liiwala, ndiye ndinapempha mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, amene ali ndi mfuti yakeyake ya chilolezo. Lamulo limalola mwini mfuti kubwereka munthu wina kuti awombe pa malo oyenera, bola mwiniyo akhale pomwepo akuyang'anira. Mfuti yake ndi CZ 75, ya zipolopolo za 9mm, imene inayamba kupangidwa ku Czechoslovakia mu 1975. Ndi mfuti yachitsulo, yolemera bwino, ndipo anthu ambiri kuno amaikhulupirira. Ine ndilibe nayo mlandu.

Tinapita Loweruka m'mawa ku renji ina ya pabwalo kum'mwera kwa mzinda. Kunali mulu wa dothi kumapeto, mapepala owombera atapachikidwa, ndi mzere wa matebulo pansi pa denga la malata. Woyang'anira anali bambo wachikulire wa imvi, wosalankhulalankhula, atavala chovala chofiira kuti azioneka. Anatiwerengera malamulo a pamalopo, ndipo limodzi mwa iwo linali lakuti chilichonse chikavuta, mfuti iloze kutsogolo, ukweze dzanja, iye abwere.

Zipolopolo zitatu zoyamba zinayenda bwino. Chachinayi chitalira, ndinakoka tiriga koma kunali zii. Poyang'ana ndinaona khoko litaima chilili pa chibowo chotulukira, silaidi italipana ngati chitseko chapana chala. Kuno amati stovepipe, chifukwa limaoneka ngati chumuni. Mlamu anatenga mfuti, anaipendeketsa, anakoka silaidi kamodzi, khoko linagwa.

"Alamu, mukuigwira ngati dzira," anatero. "Limbitsani mkono. Ikafuna kudumpha musaiperekeze."

Ankanena zoona. Silaidi imafuna kuti thupi la mfuti likhale chilimbire kuti iyo ithe kubwerera mpaka kumapeto. Dzanja likakhala lobwerera, mfuti yonse imapita m'mbuyo pamodzi, mphamvu n'kuthera m'mkono, silaidi n'kuyenda theka la ulendo. Khoko silituluka bwino, kapena chipolopolo chotsatira sichilowa bwino. Anthu ambiri ongoyamba kumene amatukwana mfuti pamene vuto lili pa mfundo ya dzanja lawo. Ine ndinali ndi mantha a phokoso, ndipo mantha amafewetsa dzanja pa nthawi yeniyeni yowomba.

Zinachitikanso kachiwiri, kenako kachitatu. Nthawi iliyonse mlamu ankatenga, n'kukonza pa kanthawi kochepa, n'kundibwezera. Sanandinyoze. Koma pa tebulo la kumanja kwathu panali mtsikana wa msinkhu wa mphwanga, akuwomba mwakachetechete, mabowo ake ataunjikana pamodzi ngati chikhatho. Kumanzere kunali anyamata awiri amene anatembenuka kudzaona. Mwina sankaganiza kanthu. Ine ndinamva ngati akuti: uyu ndiye akufuna kukalondera anthu ndi mfuti? Ndinali bambo wa ana awiri, wokhala ndi satifiketi m'thumba, mlendo m'dziko la eni amene zaka zonse wakhala akuyesetsa kuti asaoneke wotsalira. Manyazi anandigwira pakhosi. Ndinalumbira chamumtima kuti ikajamanso ndikonza ndekha. Pa zonse zimene zinachitika tsiku limenelo, lumbiro ili ndi limene ndimalitenga ngati chiyambi cha ngozi.

Foni ya mlamu inalira. Inali ya kuntchito kwake. Ndi zotseka m'makutu komanso mfuti zikulira sakanamva kanthu, ndiye anandikola paphewa n'kunena kuti, "Alamu, malizani zimenezo, ndikubwera pompano." Anapita kuseri kwa galimoto, mtunda woti munthu ukhoza kumuitana. Woyang'anira anali kumapeto kwa mzere, akuthandiza munthu wina.

Ndinawomba kawiri. Kachitatu tiriga inali yofewa, yopanda kanthu. Pano panalibe khoko loima chilili. Silaidi inangotsala pang'ono kutsekeka, kampata kochepa ngati kunenepa kwa chikhadabo. Chimene sindinadziwe n'chakuti chipolopolo chamoyo chinali chitalowa m'chemba koma osafika penipeni, ndipo kambedza kaja kanali kasanachikole kumbuyo. Mfuti inali itawomba kale zambiri m'mawa umenewo, mwaye unali utayamba kuunjikana, dzanja langa nalo linali lofewa lija. Ndinachita zimene ndinaona mlamu akuchita: ndinakoka silaidi n'kuisiya. Koma poti kambedza sikanagwire kanthu, chipolopolo chija chinatsala momwemo, ndipo silaidi pobwerera inatola china m'magazini n'kuchigunditsa kumbuyo kwa chinzake. Ziwiri pakhomo limodzi. Silaidi inaima pakati, yosapita kutsogolo.

Ndinasuzumira. Ndinaona mkuwa wonyezimira mkatimo, ndipo mtima unandiuza kuti ndi khoko lopanda kanthu, monga maulendo atatu aja. Khoko lowombedwa ndi chipolopolo chamoyo ukaziyang'ana chakumbuyo zimafanana, kusiyana kwake ndi kachizindikiro kakang'ono pakati pomwe msomali wa mfuti wamenya. Sindinakafunefune. Ndinadina batani la magazini, sinatuluke. Singatuluke mosavuta, chifukwa chipolopolo chachiwiri chija chimakhala theka m'magazini theka kunja, silaidi ikuchikankha ndi mphamvu yonse ya sipuling'i. Chofunika pamenepo n'kukokera silaidi kumbuyo n'kuikhoma ndi kachitsulo kake kuti mphamvuyo ichoke. Zinali m'kope langa kunyumba. M'manja mwanga munali thukuta lokha, ndipo silaidi ya mfuti imeneyi imayenda mkati mwa thupi lake, pogwira pake m'pochepa, zala zinkangoterereka.

Pamenepa ndi pomwe ndinayenera kukweza dzanja. Ndinayang'ana kumene kunali mlamu, ndinaona akumaliza kulankhula. Ndinafuna kuti akamafika apeze ndikuwomba. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono kuchoka pa tebulo, ndinatsitsa mfuti, ndinaitsamiritsa pamimba kuti ndipeze mphamvu, monga timachitira potsegula botolo lolimba. Munthu ukamalimbana ndi chinthu umachibweretsa pafupi ndi thupi, ndi chibadwa. Kukamwa kwa mfuti kunasiya kuloza ku mulu wa dothi, kunaloza pansi chakumanzere, kumene kunali ntchafu yanga. Chala changa chinali mkati, pa tiriga, pomwe ndinachisiya powomba. Sindinachimve kuti chilipo.

Ndinakoka magazini ndi mphamvu zonse. Inazuka mwadzidzidzi, dzanja lamanzere linaulukira kumbali, chipolopolo chachiwiri chija chinagwera pansi, silaidi inatsekeka kuti kha. Ndikukumbukira bwino kuti pa kamphindi kameneko ndinasangalala. Yatheka, ndipo magazini ili kunja, mfuti ilibe kanthu. Koma ndinali nditadzandira, mfuti inafuna kupulumuka, dzanja lamanja linafumbata kuti isagwe. Dzanja likafumbata modzidzimuka zala zonse zimapinda pamodzi, sungauze chimodzi kuti chitsale. Hamala, imene imamenya msomali wa mfuti, inali kale kumbuyo chifukwa ndinali nditakoka silaidi, ndipo ikakhala choncho tiriga imangofuna mphamvu ya makilogalamu awiri kapena kuposerapo pang'ono.

Phokoso ndinalimva ngati lachokera kwa munthu wina. Mwendo unangoti gwa, ngati wamenyedwa ndi hamala ya makilogalamu khumi, n'kupinda wokha. Chipolopolo cha 9mm chimalemera pafupifupi magalamu 8, kanthu kochepa kuposa ndalama yachitsulo ina, koma chimatuluka pa liwiro loposa mamita 300 pa sekondi. Chinalowa kutsogolo kwa ntchafu chamkati, chinatulukira kumbuyo pamwamba pa bondo, n'kulowa m'dothi. Fupa chinaliphonya. Mtsempha waukulu wa magazi sichinauphonye.

Ndinali nditaonapo magazi, a mbuzi, a ngozi za pamsewu. Awa anali ena. Anali ofiira psuu, ndipo ankatuluka modumpha, motsatira kugunda kwa mtima, buluku lonse linanyowa ndisanamvetse kuti ndi anga. Ndinamva mawu a bambo wachikulire uja akukuwa kuti aliyense asiye kuwomba, mfuti pa tebulo. Anafika akuthamanga, choyamba anatenga mfuti m'dzanja langa, anakoka silaidi n'kuikhoma, anaiika pa tebulo. Kenako anagwada, bondo lake analitsindika pa mphechepeche yanga, anasolola lamba womangira mwendo amene ankayenda naye m'chiuno. Anaumanga pamwamba kwambiri pa ntchafu, anayamba kupotokola kandodo kake. Ululu wa lamba umenewo unaposa wa chipolopolo. Ndinakuwa, ndinamugwira dzanja kuti asiye.

"Mwananga, kuwa mmene ungathere," anatero, "koma sindimasula."

Anapotokola mpaka magazi anasiya kudumpha. Anayang'ana wotchi, analemba nthawi pa lambayo. Mtsikana wa pa tebulo la kumanja uja ndiye anaimba 112 pa foni yake, n'kuthamangira ku geti kukadikira ambulansi kuti isasochere. Anyamata awiri amene ndinkaopa maso awo anavula majekete n'kundifunditsa, poti ndinayamba kunjenjemera. Mlamu anagwada kumutu kwanga, akungoti, "Alamu, ndiyang'aneni, musagone, alamu." Madokotala anandiuza pambuyo pake kuti mtsempha umenewu ukaduka munthu akhoza kufa pa mphindi zochepa, ambulansi isanatuluke n'komwe pa geti ya chipatala. Moyo wanga unapulumukira pa kansalu ndi kandodo zimene bambo uja anavala m'chiuno m'mawa umenewo.

Kuchipatala anandichita opaleshoni tsiku lomwelo. Anadula kamtsempha kena ku mwendo wamanja n'kukalumikizira pamene panaduka, choncho zipsera ndili nazo miyendo yonse iwiri. Mwendo unapulumuka, koma minyewa ina inakhudzidwa, ndipo mbali ya mkati mwa bondo mpaka lero ndi yadzanzi. Ndinakhala milungu m'chipatala, miyezi pa ndodo. Malipiro anaima. Chaka chimenecho feteleza sanapite kumudzi.

Apolisi anabwera ndidakali pa bedi. Kuvulaza munthu, ngakhale iwe mwini, chifukwa chosasamala ndi mfuti si nkhani yongopepesana, ndipo lamulo limapatsa apolisi mphamvu yofufuza ngati munthu ali woyenerabe kukhala ndi mfuti. Anatenga mfuti ya mlamu. Funso lawo lalikulu linali lakuti mwini wake anali kuti pamene inkalira. Nkhaniyi inatenga miyezi yambiri isanathe n'kumubwezera mfuti yake, ndipo pa miyezi imeneyo m'banja munali chisanu. Mkazi wanga anakwiyira mchimwene wake kuti anandisiya ndekha. Apongozi anga, ngakhale sananene poyera, ankaona kuti mkamwini walowetsa mwana wawo m'mavuto. Mlamu ankabwera kuchipatala ndi zipatso n'kukhala chete, osatha kundiyang'ana kumaso. Tsiku lina ndinamuuza kuti, "Alamu, inu munalakwa kuchoka, zimenezo n'zoona. Mukanatenga mfuti n'kuichotsa zipolopolo musanayankhe foni. Koma dzanja loti ndikweze ndinali nalo, ndipo ndinakuonani pomwe munaima. Sindinafune kuti mudziwe kuti yandikanika." Analira. Inenso ndinalira. Mpaka pano ndimakhulupirira kuti mbali zonse ziwirizo n'zoona, ndipo sindilola wina kufufuta imodzi pofuna kundisangalatsa.

Amayi kumudzi ndinawauza kuti ndinagwa pa njinga yamoto. Bodza limeneli ndinalisunga chaka chathunthu. Nditapita kwathu pa Khirisimasi, akundiona ndikutsika minibasi ndi ndodo, anandikhazika pakhonde n'kundiuza kuti ndikwinye buluku. Anayang'ana bowo la kutsogolo, anayang'ana la kumbuyo. Iwo ndi mwana wa mlenje. "Njinga yake inali ndi onga?" anafunsa. Ndinawafotokozera zonse. Sanakalipe. Anangoti bambo awo, gogodera ikakana kulira, ankaima chiimire ataloza kutchire, osaitembenuza, osasuzumira mumpope, akuwerenga chamumtima, chifukwa onga wonyowa umatha kunyeka mochedwa. Ana onse ankawathamangitsira kumbuyo kwawo. Ine ndinakula ndikuona mfuti imeneyo, koma mbali iyi sindinaisunge.

Nditabwerera ku Joni ndinapita ku renji kuja kukathokoza bambo uja. Ndinanyamula nkhuku yamoyo, monga timachitira kwathu, ndipo anailandira ndi manja awiri. Ndinkafuna kungothokoza n'kubwerera, poti fungo la onga lokha linkandichititsa nseru. Iye anati ndikhale pansi. Anabweretsa pisitolo ndi zipolopolo zapulasitiki zophunzirira, zopanda onga, anandionetsa chilichonse kuti ndichigwire ndekha. Anati sakundikakamiza kudzawombanso, koma munthu asamakhale ndi chinthu chimene chinamuvulaza osachimvetsa.

Anayamba ndi kaimidwe, asanafike pa kujama. Mfuti ikakhala chete, chala chituluke n'kugona chowongoka m'mbali mwa mfuti, pamwamba pa tiriga. Kukamwa kukhalebe kutsogolo. Ngati ukufuna mphamvu yokokera silaidi, tembenuza thupi lako kuti mfuti ikhale pafupi ndi chifuwa koma ikulozabe komwe inkaloza; thupi ndilo lizungulire mfuti. Anandichititsa zimenezi kambirimbiri ndisanakhudze magazini. Kenako uyang'ane silaidi, chifukwa ndiyo imakuuza chimene chavuta. Ikakhala yotsekeka ndipo hamala yamenya koma osalira, nthawi zambiri magazini sinalowe mokwanira ndiye m'chemba mulibe kanthu, kapena chipolopolo ndi chakufa. Pa renji palibe chothamangira: dikira masekondi 30 mfuti italoza kutsogolo, poopa chonyeka mochedwa chija, chomwecho chimene agogo ankadikira. Ukatero menya magazini pansi ndi chikhatho kuti ikhazikike, koka silaidi mpaka kumapeto, isiye ibwerere yokha ndi mphamvu yake. Osaiperekeza ndi dzanja, poti kuiperekeza ndiko kumachititsa kuti isatsekeke. Khoko loima chilili nalo limachoka chimodzimodzi, utapendeketsa mfuti pang'ono kumbali ya chibowo kuti ligwe.

Kenako anakonza dala kujama kwanga kuja, ziwiri pakhomo limodzi, n'kundiikira patsogolo. Manja anayamba kunjenjemera. Iye sanalankhule, anangoima pambali panga. Koka silaidi, ikhome. Mphamvu ikachoka magazini imatuluka popanda nkhondo. Iike pa tebulo. Koka silaidi katatu, mwamphamvu, kuti kambedza kakole chimene chatsala m'chemba n'kuchitaya. Ikhomenso. Yang'ana m'chemba ndi maso, pisamo kachala kakang'ono, yang'ananso mmene mumalowa magazini. Nditakoka kachiwiri, kachipolopolo kapulasitiki kanadumpha n'kugubuduka pa tebulo. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Ndi kameneko kanali mkati tsiku lija, pamene ine ndinkasangalala ndi magazini m'dzanja.

Anandiuzanso za mtundu wina umene sindinakumane nawo, koma umene iye amauopa kuposa yonse. Nthawi zina chipolopolo chimakhala ndi onga wochepa kapena chilibe n'komwe. Chimalira motsika, kuti phu m'malo mwa phuu, mfuti sidumpha, ndipo mutu wa chipolopolo umakakamira pakati pa mpope. Munthu wozolowera kumenya magazini n'kukoka silaidi mosaganiza amalowetsa china n'kuwombera pa chotsekacho, mpope n'kufufuma kapena kuphulika m'manja. Ukamva kulira kwachilendo, siya. Chotsa magazini, chotsa cha m'chemba, masula mfuti, uone ngati mpope ukuonetsa kuwala mbali zonse. Ndipo mfuti ikamajama mobwerezabwereza, anati, usamalimbane nayo pa mzere. Yesa magazini ina, chifukwa milomo yopindika ndi sipuling'i yotopa ndizo zimayambitsa zambiri. Itsuke, ithire mafuta pang'ono mmene silaidi imayenda, sintha zipolopolo, uone ngati chala chachikulu sichikukhudza silaidi kapena kachitsulo koikhomera. Umupatse wodziwa awombe. Ikayenda bwino kwa iye, vuto ndi kagwiridwe kako. Ikakanikabe ipite kwa wokonza mfuti.

Ndinamufunsa ngati anthu amakwezadi dzanja. Anati akazi amakweza, achikulire amakweza, asilikali akale amakweza msanga kuposa onse. Amene sakweza ndi amuna ongomaliza kumene maphunziro. Anati m'mawa uja anandiona mfuti ikundijamira katatu, ndipo anaganiza zobwera kudzaima kumbuyo kwanga, koma ataona kuti ndili ndi mwini mfuti anapitirira. Zimenezi, anati, nayenso zimamudzutsa usiku.

Chiphaso chija sindinachitsatirenso. Kampani ina inandilemba m'chipinda cha makamera, mmene ndimakhala pampando usiku wonse kuyang'ana mageti ndi kutumiza galimoto kumene alamu yalira. Malipiro ake ndi ocheperapo kuposa amene ndinkafuna, koma feteleza anayambanso kupita. M'miyezi ya June ndi July, chisanu cha Johannesburg chikalimba, ntchafu imaphwanya ndipo ndimaika botolo la madzi otentha pansi pa desiki. Anyamata atsopano akamabwera kudzasaina mfuti pa windo loyandikana ndi chipinda chathu, ndimawaona akuchotsa zipolopolo pa mgolo wa mchenga. Mwezi watha mmodzi anakoka silaidi kaye, kenako n'kuchotsa magazini, n'kutembenuka kuti apereke mfuti. Ndinagogoda galasi ndi ndodo yanga mpaka anaima. Ndinatuluka, ndinamuuza kuti alozenso mumchenga, chala kunja, akokenso silaidi. Anandiyang'ana mokwiya, anzake akumuona, koma anakoka. Chipolopolo chinagwera mumgolo.